Bambo anga anamwalira ndi mtima ali ndi zaka 54: dokotala angadziwe bwanji chiopsezo changa?

Funso: Ndine mwamuna wa zaka 52. Bambo anga anagwa mwadzidzidzi ali ndi zaka 54, ndipo kuchipatala anati unali mtima. Ine sindimva kupweteka paliponse, koma atandiyeza posachedwapa BP inali 148/92. Ndimasuta ndudu zitatu kapena zinayi patsiku basi. Mnzanga akuti ndiyambe kumwa aspirin tsiku lililonse ndiponso ndikajambulitse mtima. Kodi dokotala amadziwa bwanji chiopsezo cha munthu payekha, ndipo ndikayezetse chiyani?

Yankho: Bambo, tiyambe ndi aspirin poti ndiye ali pafupi ndi dzanja lanu. Musayambe kumwa musanaonane ndi dokotala, ndipo chifukwa chake tifotokoza kutsogoloku. Kujambulitsa mtimako nakonso kudikire kaye. Sikuti n'kopanda ntchito ayi, koma kuli ndi malo ake, ndipo malowo si koyambirira.

Mwanena kuti simumva kupweteka. Zimenezo sizitiuza kanthu kwenikweni. Matenda a mitsempha ya mtima amayamba mwakachetechete, zaka zambiri munthu asanamve chilichonse. Mafuta a m'magazi otchedwa LDL amalowa m'khoma la mtsempha n'kukhazikika momwemo, thupi limatumiza asilikali ake kukalimbana nawo, ndipo pang'onopang'ono pamapangika kachotupa ka mafuta kokutidwa ndi kachikopa kopyapyala. BP yokwera, utsi wa fodya ndi shuga wokwera zimakandakanda khoma la mtsemphalo, motero mafuta amalowa mosavuta. Tsiku lina kachikopa kaja kamang'ambika, magazi amaundana pamenepo m'mphindi zochepa, mtsempha n'kutsekeka. Ukakhala mtsempha wodyetsa mtima, ndiye chija madokotala amachitcha heart attack. Ukakhala wa ku ubongo, ndi sitiroko. Chowawa n'chakuti zotupa zambiri zimene zimang'ambika sizikhala zitatseka njira kwambiri dzulo lake, choncho munthu amayenda, kugwira ntchito ndi kukwera mtunda bwinobwino mpaka tsiku lomwelo. N'chifukwa chake dokotala sadikira zizindikiro. Amawerengera.

Akati chiopsezo chanu ndi 15 peresenti, tanthauzo lake ndi ili: titasonkhanitsa amuna 100 ofanana nanu zaka, BP, mafuta a m'magazi ndi kasutidwe, 15 mwa iwo adzadwala mtima kapena sitiroko m'zaka 10 zikubwerazi. Nambalayo sinena kuti inuyo muli m'gulu la 15 kapena la 85. Imangonena kukula kwa mwayi wa tsoka, ndipo kukula kumeneko ndi kumene kumatsogolera kuti tilimbane nalo mwamphamvu bwanji.

Kuwerengera kotereku kunayambira m'tauni ya Framingham ku Massachusetts, m'dziko la America, kumene mu 1948 akatswiri anayamba kutsatira anthu 5,209, kumawayeza zaka ziwiri zilizonse n'kumaona amene akudwala. Anapeza kuti zinthu zoika mtima pangozi sizingophatikizana, zimachulukitsana. Munthu amene BP yake yakwera pang'ono, mafuta akwera pang'ono, ndipo amasuta pang'ono, akhoza kukhala pangozi yaikulu kuposa mnzake amene chinthu chimodzi chokha chakwera kwambiri. Ziganizireni zimenezi, chifukwa m'funso lanu muli "pang'ono" angapo. Mu 2004 kafukufuku wa INTERHEART, amene anachitika m'maiko 52, anaonetsa kuti zinthu 9 zokha zimafotokoza pafupifupi 90 peresenti ya chiopsezo cha heart attack yoyamba, ndipo ziwiri zotsogola ndi mafuta a m'magazi ndi fodya.

Dokotala wodziwa ntchito amayamba ndi mafunso, osati makina. Nkhani ya bambo anu ndi yoyamba. Timati matenda a mtima ndi akumtundu ngati bambo kapena mchimwene wanu wobadwa naye anadwala asanakwane zaka 55, kapena mayi kaya mchemwali asanakwane 65. Bambo anu anali ndi 54, choncho akulowa, ngakhale m'mphepete penipeni. Amalume ndi agogo sawerengedwa m'lamuloli, koma mukawatchulebe ngati ali angapo. Funsaninso achibale kuti "mtima" umenewo unali chiyani makamaka. Kugwa mwadzidzidzi kungakhale kutsekeka kwa mtsempha, koma kungakhalenso matenda a minofu ya mtima, kusokonekera kwa kagundidwe kake, kung'ambika kwa mtsempha waukulu wotuluka mumtima, ngakhale sitiroko. Zina mwa zimenezi zimayenda m'banja mwa njira yosiyana kotheratu ndipo zimafuna kuyeza kwina. Ngati palibe amene akudziwa bwino, kapena pali wachibale wina amene anafa mwadzidzidzi ali wamng'ono, dokotala ali ndi chifukwa chokwanira chokuyezerani ECG, imene imajambula kagundidwe ka mtima, ndi kuunika mtima ndi makina a echo.

Adzakufunsaninso za matenda ena amene amafulumizitsa kuwonongeka kwa mitsempha: shuga, impso, HIV ngakhale munthu akumwa ma ARV mokhulupirika, ndi matenda otupitsa thupi kwa nthawi yaitali monga nyamakazi ya rheumatoid, lupus ndi psoriasis. Adzafunsa ngati mumaliza mkonono n'kumabanika kutulo, chifukwa vuto limeneli limakweza BP. Pali funso lina limene amuna ambiri amalizemba, la kufooka kwa mphamvu kuchipinda. Mitsempha ya kumeneko ndi yaing'ono kuposa ya mtima, choncho nthawi zambiri ndiyo imayamba kudandaula, zaka zingapo mtima usanalankhule. Musachite manyazi, nenani. Kwa amayi amene akuwerenga yankholi, mafunso owonjezera ndi a BP kapena shuga wa pa mimba, kubereka mwana wosakwana masiku, ndi kusiya kusamba asanakwane zaka 40.

Tsopano BP yanu ya 148/92. Nambala imodzi ya tsiku limodzi sikwanira kunena kuti muli ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, koma ndi yokwanira kuti nkhaniyi isasiyidwe. Malire a bungwe la WHO ndi 140/90 itapezeka pa masiku awiri osiyana. Ku America kuyambira 2017 amayambira pa 130/80. Kayezedwe kolakwika kamasocheretsa anthu ambiri kuposa makina owonongeka. Khalani pampando wotsamira mphindi 5 osalankhula, mapazi onse pansi, osapingasa miyendo, mkono utatsamira patebulo molingana ndi mtima. Musasute, kumwa khofi kapena kuchita zolimbitsa thupi mphindi 30 musanayeze, ndipo yambani mwataya madzi. Lamba wa makina akhale pakhungu, osati pamwamba pa malaya, ndipo akhale wa saizi yanu: lamba wamng'ono pa mkono waukulu amakweza nambala, munthu n'kupatsidwa mankhwala amene sakuwafuna. Ulendo woyamba yezani mikono yonse iwiri, kenaka muzigwiritsa ntchito umene ukupereka nambala yokwererapo.

Chimene timachikhulupirira kwambiri ndi kuyeza kunyumba kwa sabata yathunthu ndi makina a pamkono, osati a padzanja pomwe pamakhala wotchi. Yezani kawiri m'mawa ndi kawiri madzulo, kusiyanitsa mphindi imodzi, kwa masiku 7. Manambala a tsiku loyamba atayeni, otsalawo muphatikize n'kupeza avereji. Kunyumba malire ndi 135/85. Njira imeneyi imagwira anthu a mitundu iwiri: amene BP yawo imakwera akangoona dokotala koma kunyumba ili bwino, ndi amene imaoneka bwino kuchipatala koma kunyumba ndi yokwera. Achiwiriwa ndiwo ali pangozi, poti amatuluka m'chipatala atauzidwa kuti zonse zili bwino.

Adzakuyezani kulemera ndi msinkhu, koma tepi ya m'mimba imanena zambiri kuposa sikelo. Muzungulize tepi pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, mutatulutsa mpweya, osakoka mimba. Lamulo losavuta kukumbukira n'lakuti isapitirire theka la msinkhu wanu: wa masentimita 170 asapitirire 85.

Magazi ofunika kuyeza si ambiri. Oyamba ndi mafuta: kolesterolo yense, HDL (amene amatchedwa kolesterolo wabwino), LDL ndi mafuta ena otchedwa ma triglyceride. Masiku ano kusala chakudya sikofunika nthawi zambiri, pokhapokha ma triglyceride akatuluka okwera. Ma labu ambiri sayeza LDL mwachindunji, amachita kuwerengera kuchokera ku manambala enawo, ndipo ma triglyceride akapitirira 4.5 mmol/L kuwerengerako kumasokonekera. Yang'anitsitsani muyeso umene walembedwa papepala, chifukwa ena amalemba mmol/L ena mg/dL. Pa kolesterolo, chulukitsani mmol/L ndi 39 kuti mupeze mg/dL. Pa shuga, ndi 18. LDL wa 3.4 ndi LDL wa 130 ndi chinthu chimodzi. LDL akafika 4.9 mmol/L, kapena kuti 190 mg/dL, kuwerengera chiopsezo kumasiyidwa: munthuyo amafunika mankhwala basi, ndipo dokotala amaganizira matenda a chibadwa otchedwa familial hypercholesterolaemia, amene amapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 250 mpaka 300 alionse. Akapezeka mwa inu, ana anu ndi abale anu obadwa nawo ayezedwenso, chifukwa aliyense wa iwo ali ndi mwayi wa theka wotengera. Ndi mbiri ya bambo anu, nambala imeneyi ndi imene ifeyo tingayambe kuiyang'ana pepala likangofika.

Achiwiri ndi shuga: HbA1c, imene imaonetsa mmene shuga wakhalira pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayi, kapena shuga wa m'mawa musanadye. HbA1c ya 6.5 peresenti kupita m'mwamba, kapena shuga wa m'mawa wa 7.0 mmol/L, ndi matenda a shuga zikatsimikizidwa kachiwiri. HbA1c imanama mwa munthu woperewera magazi, amene waikidwa magazi posachedwa kapena wa matenda a sickle cell, ndiye kwa oterowo timadalira shuga wa m'mawa. Achitatu ndi impso, ndipo pamafunika zinthu ziwiri: creatinine wa m'magazi, amene amatipatsa nambala ya eGFR yoonetsa mmene impso zikusefera magazi, ndi albumin wa mumkodzo, amene ndi mtundu wa puloteni. Wa mkodzoyu amaiwalika kawirikawiri, chonsecho ndi amene amayamba kuonetsa kuti mitsempha ing'onoing'ono yavulala. eGFR yotsika kuposa 60 kwa miyezi itatu, kapena albumin wa 30 mg/g kupita m'mwamba, zimakweza chiopsezo cha mtima ngakhale zina zonse zili bwino.

Komwe labu ili nako kuthekera, pemphani Lp(a). Ndi mtundu wa mafuta umene kuchuluka kwake kumatsatira chibadwa, susintha kwenikweni ndi kadyedwe, ndipo kuyeza kamodzi pa moyo kumakwana. Kuyambira 50 mg/dL, kapena 125 nmol/L, ndi wokwera. Kawirikawiri ndi amene amafotokoza mabanja aja amene amuna amagwa ndi mtima ali ndi zaka za m'ma 50 koma kolesterolo wawo ankaoneka wabwino.

Zonsezi zikapezeka, dokotala amazilowetsa m'chowerengera. Zilipo zingapo, chilichonse chinapangidwa kuchokera kwa anthu ake: Pooled Cohort Equations ya 2013 ndi PREVENT ya 2023 ku America, QRISK3 ku Britain, SCORE2 ya 2021 ku Ulaya, ndi matchati a WHO a 2019 amene anagawa dziko lapansi m'zigawo 21 ndipo ali ndi mtundu wina wosafuna zotsatira za labu. Munthu yemweyo akhoza kupeza manambala osiyana pa zowerengera ziwiri. PREVENT, mwachitsanzo, imapereka nambala yotsikirapo kuposa ya 2013 ija. Choncho malire a chowerengera china sagwira ntchito pa chinzake. Pa ya 2013, pansi pa 5 peresenti ndi chiopsezo chochepa, 5 mpaka 7.5 ndi cha m'malire, 7.5 mpaka 20 ndi chapakati, ndipo 20 kupita m'mwamba ndi chachikulu. Ku Britain, ndi QRISK3, amayamba kukambirana za mankhwala a mafuta pa 10 peresenti.

Apa m'pamene pamaoneka kusiyana kwa kudziwerengera nokha pa intaneti ndi kukhala pansi ndi dokotala. Zowerengera zambiri sizifunsa za bambo anu, sizidziwa Lp(a), sizidziwa HIV, ndipo zimalemera kwambiri pa zaka: mnyamata wa zaka 35 wosuta, wa LDL wokwera, amatuluka ndi nambala yaing'ono yomunyenga, pamene pafupifupi mwamuna aliyense wa zaka 70 amatuluka ndi nambala yaikulu. Ndiponso siziyenera kugwiritsidwa ntchito konse pa munthu amene anadwalapo kale mtima, sitiroko kapena kutsekeka kwa mitsempha ya m'miyendo. Ameneyo ali kale m'gulu lapamwamba. Ntchito ya dokotala ndi kutenga nambalayo ngati poyambira, n'kuikankhira m'mwamba kapena m'munsi malinga ndi zimene makina sanafunse. Kwa inu, imfa ya bambo anu imaikankhira m'mwamba.

Kujambula mtima kuja kumalowa pano, ngati nambala yagwera pakati ndipo inu ndi dokotala mukukayikabe zoyamba mankhwala. Kumene kumathandiza pa nkhaniyi ndi sikani ya CT yoyeza kashiamu m'mitsempha ya mtima, imene amaitcha CAC. Imatenga mphindi zochepa, safunika kukubayani mankhwala a m'mitsempha, ndipo cheza chake n'chochepa. Zotsatira zimabwera ngati nambala yotchedwa Agatston, yoonetsa kuchuluka kwa kashiamuyo: 0 amatanthauza kuti kashiamu sanaoneke, 1 mpaka 99 matenda ayamba, 100 kupita m'mwamba mankhwala a mafuta akufunika ndithu. Koma 0 sapereka mtendere wofanana kwa aliyense. Mwa osuta, odwala shuga ndi a mbiri ya m'banja, zotupa zofewa zimene sizinaume n'kukhala ndi kashiamu zikhoza kukhalapo osaoneka. Inu muli m'magulu awiri mwa atatuwa, choncho n'kutheka kuti sikaniyo singasinthe chimene dokotala akanachita. Kuyeza kumene sikusintha chochita n'kungotaya ndalama. Zothamanga pa makina uku akuyeza ECG, kapena kulowetsa kachubu m'mitsempha, ndi za munthu amene ali ndi zizindikiro. Zikachitidwa pa munthu wosamva kanthu zimabala zotsatira zabodza zambiri, munthu n'kulowa m'mayeso ena oopsa popanda phindu.

Nanga n'chifukwa chiyani timavutika ndi nambalayi? Chifukwa piritsi lomwelo limapindulitsa anthu mosiyana. Tiyerekeze kuti mankhwala akuchotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a chiopsezo. Kwa gulu la anthu 100 a chiopsezo cha 20 peresenti, odwala amatsika kuchoka pa 20 kufika pa 15: anthu 5 apulumuka. Kwa gulu la chiopsezo cha 4 peresenti, amatsika kuchoka pa 4 kufika pa 3: mmodzi yekha, pamene onse 100 akumwa mapiritsi zaka 10. Mukamufunse dokotala wanu funso limeneli molunjika: mwa anthu 100 onga ine, mankhwalawa apulumutsa angati?

Mankhwala otsitsa LDL oyambirira ndi ma statin. Kafukufuku wophatikiza mayeso ambiri waonetsa kuti LDL akatsika ndi 1 mmol/L, matenda aakulu a mtima ndi sitiroko amatsika ndi pafupifupi 22 peresenti. Atorvastatin wa 10 kapena 20 mg ndi rosuvastatin wa 5 kapena 10 mg ndi a mphamvu yapakati, amatsitsa LDL ndi 30 mpaka 49 peresenti. Atorvastatin wa 40 kapena 80 mg ndi rosuvastatin wa 20 kapena 40 mg amatsitsa ndi theka kapena kuposa. Magazi ayezedwenso pakatha masabata 4 mpaka 12. LDL akakana kufika pofunika, kuwirikiza mlingo kumangowonjezera pafupifupi 6 peresenti, pamene kuphatikizapo ezetimibe wa 10 mg kumatsitsanso pafupifupi 20 peresenti. Pofunika kufikapo pamadalira gulu lanu: malangizo a ku Ulaya amati pansi pa 2.6 mmol/L kwa a chiopsezo chapakati, 1.8 kwa a chachikulu, 1.4 kwa a chachikulu kwambiri.

Mudzamva anthu akunena kuti ma statin amaphwanya m'thupi. Zimachitika, koma mocheperapo kuposa mmene mbiri imamvekera. Mu kafukufuku wa SAMSON wa 2020, anthu amene anasiya ma statin chifukwa cha zowawa anapatsidwa miyezi ina statin, miyezi ina mapiritsi opanda mankhwala, osadziwa kuti ali pa ati. Pafupifupi 90 peresenti ya zowawazo zinabweranso ndi mapiritsi opanda kanthu aja. Ululu wa statin weniweni umagwira minofu ikuluikulu mbali zonse ziwiri, ntchafu kapena mapewa, m'masabata kapena miyezi yoyambirira. Njira yake si kungosiya mwakachetechete. Dokotala amaimitsa kwa masabata angapo, n'kuyesanso mlingo wochepa kapena mtundu wina. Minofu ikafooka kwambiri ndipo mkodzo wada ngati tiyi, siyani pomwepo mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Zimenezi sizichitika kawirikawiri. Ma statin amakwezanso shuga pang'ono, makamaka mwa amene anali kale m'mphepete mwa matendawo. Ngozi yaikulu imabwera pophatikiza mankhwala: simvastatin asapitirire 20 mg ngati mukumwa amlodipine, ndipo sayenera kumwedwa limodzi ndi clarithromycin kapena ma ARV okhala ndi ritonavir. Kwa amene ali ndi HIV, kafukufuku wa REPRIEVE wa 2023 anapeza kuti pitavastatin wa 4 mg anachepetsa matenda aakulu a mtima ndi 35 peresenti mwa anthu a zaka 40 mpaka 75 amene chiopsezo chawo chowerengedwa sichinali chachikulu.

BP ikatsimikizika kuti ndi 140/90 kapena kuposa, mankhwala amayambidwa, osadikira kuti mchere ndi masewera zichite zokha, makamaka kwa munthu wa mbiri ngati yanu. Kutsitsa nambala ya pamwamba ndi 10 kumachepetsa matenda aakulu a mtima ndi sitiroko ndi pafupifupi 20 peresenti. Magulu atatu ndiwo oyambira. Amlodipine wa 5 mpaka 10 mg amagwira bwino ntchito, vuto lake ndi kutupa akakolo, makamaka pa 10 mg. Enalapril, lisinopril ndi anzawo amateteza impso za odwala shuga, koma ena amawapatsa chifuwa chouma chosatha. Oterowo amasinthidwira ku losartan kapena telmisartan, ndipo magulu awiriwa samwedwa pamodzi, komanso ndi oletsedwa kwa mayi woyembekezera. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri chiyambireni, creatinine ndi potaziyamu ziyezedwe. Gulu lachitatu ndi mapiritsi okodzetsa monga hydrochlorothiazide ndi indapamide, amene amatha kutsitsa potaziyamu ndi kudzutsa matenda a gout otupitsa mfundo za mafupa. Anthu ambiri amafunika mankhwala awiri, ndipo awiri a mlingo wochepa amaposa amodzi a mlingo waukulu. BP ikakana kutsika, tisanawonjezere piritsi timafunsa ngati mukumwadi tsiku lililonse, ngati mumamwa ibuprofen kapena diclofenac pafupipafupi, ndi kuchuluka kwa mowa ndi mchere. Cholakwika chofala kuposa zonse ndi kusiya mankhwala poona kuti BP yatsika. Yatsika chifukwa cha mankhwalawo.

Tibwerere kwa aspirin. Amalepheretsa magazi kuundana, ndipo kwa munthu amene anadwalapo kale heart attack kapena sitiroko ya kutsekeka kwa mtsempha, 75 mpaka 100 mg patsiku amapulumutsa moyo. Kwa amene sanadwalepo, nkhani ndi ina. Mu 2018 mayeso atatu aakulu, ASPREE, ARRIVE ndi ASCEND, anaonetsa kuti phindu lake n'lochepa kapena palibe, ndipo limafafanizidwa ndi kutuluka magazi m'mimba ndi mu ubongo. Mnzanuyo akunena zimene zinkalangizidwa kale. Kwa inu pali chifukwa china chapadera: aspirin pamwamba pa BP yosatsitsidwa amawonjezera ngozi ya kukha magazi mu ubongo. Dokotala akhoza kudzamuganizira mtsogolo, BP itakhazikika, ngati chiopsezo chanu n'chachikulu ndipo mulibe zilonda za m'mimba, koma chimenecho ndi chigamulo cha munthu payekhapayekha.

Mawu oti "basi" amene mwaika pa ndudu zanu ndi amene tikutsutsana nawo kwambiri. Pa mapapo, ngozi imakula motsatira kuchuluka kwa ndudu. Pa mtima sizitero: utsi wochepa umakwana kupangitsa magazi kukhala omata ndi kuvulaza khoma la mtsempha. Kafukufuku wophatikiza wa 2018 anapeza kuti ndudu imodzi patsiku imabweretsa pafupifupi theka la chiopsezo chowonjezera cha munthu wosuta 20. Kuchepetsa sikuthandiza mtima kwenikweni. Kusiyiratu ndiko kumathandiza, ndipo pakatha chaka chimodzi chiopsezo chowonjezeracho chimakhala chitatsika ndi pafupifupi theka. Palibe piritsi m'yankho lino limene lingakuchitireni zoterozo mwachangu chotere. Sankhani tsiku, ndipo pemphani thandizo, chifukwa mankhwala monga varenicline, bupropion, cytisine kapena zomata ndi zotafuna za nikotini, pamodzi ndi uphungu, zimakweza kwambiri mwayi wosiya.

Zotsalazo mukuzidziwa, tingoikapo miyeso. Mchere usafike magalamu 5 patsiku, ndiko kuti supuni yaing'ono imodzi yosasefukira, kuwerengera ndi wobisika m'zakudya za m'mapaketi ndi nyama zokonzedwa kufakitale. Kuyenda ndawala kapena ntchito yotulutsa thukuta mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, pa liwiro loti mukhoza kulankhula koma simungaimbe. Mafuta olimba a nyama alowedwe m'malo ndi mafuta amadzi a zomera, masamba ndi zipatso zichuluke. Mowa suteteza mtima, ndipo umakweza BP.

Mukayamba mankhwala a BP, muzionana ndi dokotala mwezi uliwonse mpaka itakhazikika, kenaka miyezi 3 mpaka 6 iliyonse. Popita koyamba tengani pepala la manambala a sabata ija, mankhwala onse amene mumamwa kuphatikizapo azitsamba ndi ogula nokha, ndi zimene achibale akuuzani za imfa ya bambo anu.

Dongosolo lonseli ndi la munthu wosamva kanthu. Mukayamba kumva kulemera kapena kufinya pachifuwa pokwera mtunda, kumene kumatha mukapuma, kapena phuma limene kale kunalibe, musadikire tsiku lokaonana ndi dokotala lija. Pitani m'masiku omwewo. Kufinyako kukabwera muli chikhalire n'kupitirira mphindi zingapo, kukafalikira kumkono, kunsagwada kapena kumsana, pamodzi ndi thukuta lozizira kapena nseru, kapenanso nkhope ikapotoka, mkono kufooka ndi mawu kusamveka, itanani ambulansi kapena wina akutengereni kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo musayendetse nokha galimoto. Odwala shuga, okalamba ndi amayi nthawi zina samva ululu pachifuwa n'komwe, amangomva kubanika, kutopa kodabwitsa kapena kutentha pamtima ngati chakudya sichinagayike.